Sizasi pa Mafilimu a Mlamu Wanga

Pa 9 Novembala chaka chathachi, mu holo ya laibulale ya m'tauni muno, mlamu wanga analakwiridwa pamaso pa anthu, ndipo anthuwo anawomba m'manja. Ine ndinalipo. Ndinaima pambali pa mpando wake wamatayala, ndipo ndinaona dzanja lake lamanzere, lokhalo limene likugwirabe ntchito, likupapasa khoma m'munsi mwa felemu ngati munthu wofuna swichi ya magetsi. A wapampando a komiti ya laibulale analengeza kuti mkuluyu wagwidwa ndi chimwemwe. Sichinali chimwemwe. Ankafunafuna mbali ya chithunzi chake imene munthu wina anaidula ndi sizasi.

Ndiyamba ndi moyo wake, chifukwa pa pepala limene inu a komiti munamata pachitseko cha holo munangolemba kuti "wojambula wakale wa m'tauni muno", ngati mukunena za njinga yothyoka imene yapezeka kuseri kwa nyumba.

Munthuyu anakwatira mlongo wanga, wamng'ono kwa ine. Bambo a mlamu wangayu ankakonza maloko ndi maambulera pakhonde la sitolo ya eni ake, ndipo iye sukulu anaisiyira panjira n'kukalowa ntchito yosesa mu situdiyo yojambulira zithunzi. Kuchoka pa tsache anafika potsuka mabeseni a mankhwala, kenako anayamba kutsuka zithunzi m'chipinda chamdima. Mwini situdiyoyo atakalamba n'kubwerera kwawo, anamusiyira malowo ndi zonse zinali m'menemo. Sanali malo oti munthu n'kunyadira. Kachipinda kake kanapanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi shopu ya telala. Munali katani yabuluu yofwifwa, kampando kozungulira, chipeso chomangidwa ndi chingwe kuti anthu asapite nacho, ndiponso jekete limodzi ndi tayi zobwereka aliyense wobwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso atavala malaya othetheka kolala. Amuna ambiri a msinkhu wanga m'tauni muno ali ndi ziphaso zimene avalapo jekete lomwelo. Moyo wake wonse wapantchito ankangouza anthu kuti akweze chibwano, asaphethire, asaseke. Ankati imeneyo ndi ntchito yodyera basi.

Pakati pa katundu amene anamusiyirayo panali kamera yakale imene palibe ankaifuna chifukwa cha kulemera. Ndi bokosi lakuda lokhala ndi magalasi awiri kutsogolo, lina pamwamba pa linzake. Simuiika pamaso ngati makamera enawa. Mumaiimika pa miyendo yake itatu chapamchombo, n'kutsegula kachivundikiro ka pamwamba, n'kuwerama ngati mukusuzumira m'chitsime. M'menemo muli galasi loonetsa zonse zili kutsogolo, koma motembenuza: bwato lopita kumanja limaoneka likupita kumanzere. Ndinayesapo kamodzi, ndinachita chizungulire. Filimu yake ndi yotakata, ndipo mpukutu umodzi umangolola zithunzi khumi ndi ziwiri. Chithunzi chilichonse pa filimupo ndi chofanana mbali zonse zinayi, chachikulu ngati bokosi la machesi kapena kuposerapo, pomwe cha makamera ang'onoang'ono aja chimangoposa sitampa pang'ono. Zimenezi muzisunge, chifukwa mlandu wonse wagona pa kukula kwa filimuyo.

Kamera imeneyi sankajambulira anthu. Pa ukwati wa mwana wanga woyamba ndinamupempha kuti abwere nayo. Anabwera ndi yaing'ono n'kundiuza kuti yaikuluyo ndi ya mtsinje. Sindinaiwale, ndipo iye akudziwa kuti sindinaiwale.

Tsiku lopuma likafika, m'mawa dzuwa likadali pansi, ankasenza kamerayo kutsikira kugombe, kumunsi kwa mlatho. Okumba mchenga kumeneko ndiwo anamupatsa dzina loti a Weramani. Ankamufuulira ali m'madzi ofika m'chiuno kuti kodi singano ija simunaipezebe, mukaipeza mutibwerekeko tisokere matumba. Iye mutu uli m'bokosi basi. Ankaimika kamera, kuwerama, kuizula, kusuntha pang'ono chabe, kuimikanso. Choyamba ankawongola madzi. Ankati mtsinje ukapendekeka ngakhale pang'ono pa chithunzi, amene wachipachika pakhoma amangomva ngati madzi atayikira pa mipando yake. Gombe la tsidya sankalola kuti lidule chithunzi pakati penipeni. Ankalikankhira m'mwamba, thambo n'kutsala lochepa. Akatero ndiye kudikira. Bwato likadutsa, adikire mafunde agone. Mtambo ukaphimba dzuwa, adikire udutse, mwinanso adikire wina ubwere. Masiku ena ankabwerera kunyumba osadina ngakhale kamodzi, ndipo ankafika akuimba mluzu.

Ine ndinaphunzitsa za malo ndi mapu kusekondale mpaka kupuma, ndipo mtsinjewu ndimaudziwa kumene umachokera ndi kumene umathera. Tsiku lina nditamutsatira ndinamufunsa chifukwa chake amawononga pafupifupi theka la filimu pa matope, bango ndi mapazi a ng'ombe, pomwe anthu amafuna kuona madzi. Anandiyankha osadzutsa mutu.

"Alamu, munthu mukamuonetsa madzi okhaokha ndiye kuti mwamuponya m'mtsinje. Mupatseni poima."

Limeneli ndilo linali lamulo lake lalikulu. Pansi pa chithunzi chilichonse pankayenera kukhala poima munthu: mwala, chitsa, chingwe cha bwato, mchenga wa tsidya lino. Maso a woona ayambire pamenepo, awoloke madzi, akafike kutsidya. Sindinagwirizane naye tsiku limenelo, ndipo tinakangana njira yonse mpaka kunyumba.

Tsono za mlongo wanga. Ankasoka madiresi a ana asukulu pa makina apamanja, ndipo ankadana ndi kujambulidwa kuyambira ali mwana. Kamera ikamuloza ankabisa nkhope ndi chikwama kapena kutembenukira kukhoma. Ankati tsiku lonse mwamuna wake amauza anthu kuti akweze chibwano, iyeyo chibwano chake chikhale pomwe chili. Ndinamudzudzula mlamu wanga kangapo konse kuti ndi wojambula wanji wolephera kujambula mkazi wake yemwe. Mpaka lero ndimati analakwa kumugonjera. Koma kumtsinje mlongo wanga ankapita naye. Ankanyamula ambulera yotchingira dzuwa kuti lisalowe m'galasi, ndi fulasiki ya tiyi, ndipo akafika ankavula nsapato n'kuponda mchenga.

M'mawa wina pansi pa chithunzi panasowa choika. Panali mchenga wosalala wokhawokha. Mlamu wanga anapempha nsapato zija n'kuziika pakona. Mlongo wanga anati nsapato zilibe nkhope, azijambule mmene angafunire. Kuyambira pamenepo iye analowa m'zithunzi za mtsinje kudzera pansi. Pena nsapato, pena ambulera yotsamira mwala, pena mthunzi wake utagona pamchenga, pena mapazi ake ali m'madzi osaya. Kamodzi analola msana wake wonse, atakhala pa bwato logadabuzidwa. Zaka zikupita, nsapato zija zinasintha, zazitali zinasanduka zafulati, kenako pambali pake panabwera ndodo. Pa mpukutu womaliza umene anapita limodzi, mapazi ake anali atatupa, ndipo anavala masilipasi a mwamuna wake. Chaka chomwecho tinamuika m'manda. Chithunzi cha nkhope yake chimene tili nacho ndi chimodzi, cha pa chiphaso, ndipo chidindo chinagwera patsaya.

Pa zithunzi za mtsinjezo, zimene anazitsukira papepala zinali zochepa, chifukwa pepala lalikulu silinkapezeka kawirikawiri. Zochepazo anazipachika mu situdiyo, ndipo denga litadontha m'dzinja lina zinachita nkhungu n'kumatirira ku magalasi. Ine ndinakwiya m'malo mwake, ndinkafuna tikamuone mwini nyumbayo. Iye anati ndisavutike, chithunzi chapapepala ndi mwana, filimu ndiye mayi, mayi akadalipo mwana adzabadwa wina. Mafilimuwo ankawasunga m'timatumba ta pepala lopyapyala, m'mabokosi awiri a nsapato, pamwamba pa wadirobu. Bokosi loyamba linali la zaka zoyambirira, lachiwiri la zaka za ndodo ndi masilipasi. Ndikapita kukamuona atafedwa, ankatsitsa bokosi limodzi n'kuonetsa filimu pawindo, ataigwira m'mphepete ndi nsonga za zala. Pa filimu choyera chimaoneka chakuda, chakuda choyera, koma nsapato za mlongo wako umazidziwa ndithu.

Gombe lija kulibenso. Anamangapo khoma la konkire loletsa madzi osefukira, anathira dothi, ndipo pomwe pankamera bango pali mosungira matumba a simenti. Okumba mchenga anawathamangitsa. Situdiyo anaitseka anthu atayamba kujambulana ndi mafoni. Lero amagulitsiramo zikwama za mafoni omwewo. Kenako kunabwera sitiroko, imene inamulanda dzanja lamanja, mwendo ndi mawu ambiri. Anatsala ndi mawu owerengeka, ndipo amawatulutsa ngati akukoka chidebe m'chitsime chakuya.

Ali ndi mwana mmodzi wamwamuna, mphwanga, amene amagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi. Si mwana woipa. Amalipira mayi wosamalira bambo ake, amawapititsa kuchipatala kukawongola ziwalo. Koma ndi wa anthu aja amene amaganiza kuti chabwino chilichonse chiyenera kuchitika modzidzimutsa mwini wake. Anamva kuti laibulale ikufuna zithunzi zakale za tauni, ndipo tsiku lina bambo ake ali kuchipatala anakwera pampando n'kutsitsa mabokosi onse awiri. Sanafunse bambo ake. Sanandifunse ine, malume ake, amene ndimakhala msewu wachiwiri kuchokera pamenepo. Anakawapereka kwa a wapampando, a wapampando anawapereka ku shopu ina yosindikiza makalendala ndi timapepala ta maukwati.

Tinaitanidwa pa 9 Novembala paja osadziwa chimene tikukaona. Mphwanga anawaveka bambo ake suti, akumwetulira yekha njira yonse. Titalowa mu holo ndinaona mafelemu atandandalika khoma lonse, onse otambalala ngati mawindo a basi. Ndinadziwa pomwepo kuti china chalakwika, chifukwa mlamu wanga sanajambulepo chithunzi chotambalala ndi kamera ija. Ndinayandikira. Mtsinje unali womwewo, mlatho womwewo, gombe la tsidya lomwelo. Koma madzi ankayambira pa felemu penipeni. Panalibe mwala, panalibe bango, panalibe poima. Pa chithunzi china, m'munsi mwenimweni, panatsala kanthu kakuda kokhota. Chinali chigwiriro cha ambulera.

Mphwanga anakankha mpando kuufikitsa pa chithunzi chimenecho. Mlamu wanga anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatukula dzanja n'kuyamba kupapasa khoma m'munsi mwa felemu, pomwe panayenera kukhala mchenga. 

"Pansi," anatero. "Pansi."

Mayi wina wa mu komiti anaganiza kuti akufuna kutsitsidwa pampando, anathamangira kudzathandiza. A wapampando ananena za chimwemwe zija, anthu anawomba m'manja, ndipo analengezanso kuti poti anthu azikonda, chaka chino kudzakhala chionetsero chachiwiri cha zithunzi za m'bokosi linalo, mothandizidwa ndi shopu yomweyo.

Pamenepo ndinali ndikuganizabe kuti angodula mapepala kuti akwane m'mafelemu. Ndinamunong'oneza mlamu wanga kuti asadandaule, mayi akadalipo. Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anandikhulupirira.

M'mawa mwake ndinapita kushopu kuja. Mwini wake ndi bambo wansangala, wa mphete pa chala chaching'ono. Anandipatsa mpando, ananditcha adadi, ndipo anandionetsa makina ake olowetsera mafilimu mu kompyuta ngati akundionetsa mwana wake wakhanda. Makinawo ali ndi kachitsulo kolowetsamo filimu, ndipo kachitsuloko anakapangira filimu yaing'ono ija ya ngati sitampa. Ya mlamu wanga sinkalowa. Anati anawauza a komiti kuti makina a filimu yaikulu ali kumzinda waukulu, a komiti anati nthawi yatha, komanso mafelemu amene wina anapereka mwaulere ndi otambalala kale. Ndiye anangotenga sizasi n'kuchepetsa filimu iliyonse pamwamba ndi pansi mpaka italowa.

Ndinamufunsa kawiri ngati akunena mapepala kapena mafilimu enieniwo. Anatsegula dirowa n'kutulutsa envulopu. Munali zotsala za mafilimu aja, tizidutswa tating'ono ta pakati, topyapyala ngati malamba a wotchi, tokandikakandika, tili ndi zidindo za zala.

"Musadandaule adadi, mtsinje wonse ulipo," anatero. "Tinangochotsako matope ndi mitambo."

Ndinafunsa za matopewo, kuti anawaika kuti. Anaseka, anati pansi amasesa tsiku lililonse. Ndinafunsa za bokosi lachiwiri. Anati analibweza ku komiti kuti lidikire nthawi yake.

Ndinapita kulaibulale. Mlembi wa komiti anati bokosi lili kushopu. Ndinabwerera kushopu, mwini wake anati mwina dalaivala wa a wapampando ndiye analitenga. A wapampando ndinawadikira pabenchi mpaka masana, ndipo atatuluka anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndiyenera kunyadira kuti mlamu wanga wadziwika asanamwalire, ambiri amadziwika ali m'manda. Anati za bokosi adzafufuza. Ndinawauza kuti achotse dzanja paphewa panga. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika amati ali pamsonkhano.

Mphwanga ndinamuitana kunyumba kwanga n'kumuthira envulopu ija patebulo. Poyamba anati amalume mukukulitsa nkhani, zithunzi zili mu kompyuta, sizingatayikenso. Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene chinali pansi pa zithunzizo. Sankadziwa. Ali mwana ankakana kupita kumtsinje, ankati kuli udzudzu, ndipo atakula sanaonetsepo filimu ya bambo ake pawindo ngakhale imodzi. Nditamuuza anatuluka panja n'kukaima pafupi ndi mpopi nthawi yaitali. Iyenso wayendera bokosilo kushopu ndi kulaibulale, ndipo amamuuza zomwezo amandiuza ine. Ndamukhululukira theka. Theka linalo ndi la mayi ake, ndipo iwo kulibenso kuti akawafunse.

Mlamu wanga sindinamuuze za sizasi. Koma si wopusa, sitiroko inamulanda mawu, sinamulande nzeru. Pamwamba pa wadirobu akuonapo kuti palibe kanthu. Masiku ano amakhala pawindo la chipinda chake, kamera ija ili pamiyendo, yopanda filimu. Mayi womusamalira amamutsegulira kachivundikiro, iye n'kuweramira m'galasi, kuyang'ana mpanda wa njerwa wa nyumba yoyandikana nayo. Kudya wachepetsa. Kuchipatala akukana kupita, mwina poopa kuti akabwerako adzapeza china chachoka. Ndikalowa amadzutsa mutu n'kuyang'ana m'manja mwanga. Akaona kuti ndangonyamula chipewa, amaweramanso. Kale tinkakangana pa chilichonse, pa ndale, pa mpira, pa kamera ija ya pa ukwati. Pano ndimakhala naye mpaka tiyi azizire, palibe chonena.

Adokotala anauza mphwanga kuti mtima wa bambo ake watopa, asayembekezere zambiri. Ineyo ndine wamkulu kwa mlamu wangayo, ndipo masitepe a laibulale yanu ayamba kundikanika. Bokosi loyamba lapita, ndavomereza. Palibe guluu wobweza zimene zinasesedwa. Nsapato zazitali zija, msana uja pa bwato, zonse zili kudzala. Chatsala ndi bokosi lachiwiri, la ndodo ndi masilipasi, ndipo ndamva kuti mafelemu a chionetsero chanu chachiwiri afika kale, otambalala ngati oyamba aja.

Sindikufuna kupepesedwa, ndipo satifiketi yaulemu imene mwati mukonzera mlamu wanga muisunge. Inu a wapampando, inu a mlembi, ndi inu a kushopu, mmodzi wa inu akudziwa pomwe pali bokosi la nsapato lofiirira, lomangidwa ndi mpira wakuda. Lili kuti? Mafilimu ali m'menemo ndi athunthu, kapena mwawadula kale? Ngati ndi athunthu, libwezeni kunyumba kwa mwini wake akadali ndi maso. Ngati mwawadula, nenani, kuti ndileke kumulonjeza munthu wodwala zinthu zimene kulibe. Ndiyankheni.